KULANKHULA NAKONSO NDI PHUNZIRO

Mmisiri aliyense ali ndi chida chimene amachisamala koposa zina zonse. Msodzi wa ku Senga Bay akatsika m'bwato sapita kukagona asanayanike ukonde wake ndi kusoka pamene pang'ambika, ndipo wosema mabwato sakhudza mtengo asananole kasemasema wake. Chida cha mphunzitsi ndi pakamwa pake. Mabuku akhoza kuchepa, choko chikhoza kutha pakati pa teremu, denga la kalasi likhoza kusasuka ndi mphepo, koma malinga mphunzitsi ali ndi mawu ndipo adziŵa kuwagwiritsa ntchito, ana aphunzira ndithu.

Chodabwitsa n'chakuti m'makoleji a aphunzitsi chida chimenechi ndicho chimene chimanoledwa pang'ono. Pa zaka ziŵiri za maphunziro ake, wophunzira amazoloŵezedwa kulemba sikimu, kukonza phunziro papepala, kujambula matchati ndi kulemba mowongoka pabolodi. Koma kaimidwe pamaso pa ana, katulutsidwe ka mawu, kafunsidwe ka funso ndi kamvetseredwe ka yankho zimasiyidwa kuti akazitole yekha, ngati kuti aliyense wobadwa ndi lilime adziŵa kale kulankhula. M'nkhani ino tifuna kukuonetsani, inu aphunzitsi a maŵa, kuti kulankhula ndi phunziro lokhala ndi malamulo ake, limene anthu amaliphunzira mpaka kulandira nalo digiri ku yunivesite, ndiponso kuti munthu sayenera kupatsidwa satifiketi ya uphunzitsi asanayesedwe m'phunziro limeneli.

Zimene zimaoneka m'makalasi

Tikamayendera ophunzira amene akuyeserera kuphunzitsa m'masukulu a m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima, timakumana ndi zofooka zofanana chaka ndi chaka. Wina amakonza phunziro labwino kwambiri papepala, koma akaimirira amalankhula ndi bolodi, ana n'kumangoona msana wake. Wina mawu ake amathera pa mzere wachitatu, pamene ana akhala pansi mizere khumi. Wina poona kuti sakumveka amayamba kukuwa, ndipo pofika Lachitatu mawu aphwa, pakhosi pakupweteka. Ambiri amafotokoza kwa mphindi makumi aŵiri osapuma, kenaka n'kufunsa kuti, "Mwamva?" Kalasi yonse imayankha pamodzi kuti, "Eee!" ndipo mphunzitsi amapitirira ndi mtima wokondwa, osadziŵa kuti "eee" ameneyu ndi ulemu chabe.

Zofooka zimenezi si za kuno kokha. Ned Flanders wa ku America, amene adakhala m'makalasi ambiri akuŵerenga yemwe akulankhula, adalemba m'buku lake la 1970 za lamulo la magawo aŵiri mwa atatu. Adapeza kuti pa nthaŵi ya phunziro, magawo aŵiri mwa atatu pamakhala wina akulankhula, ndipo pa kulankhula kumeneko magawo aŵiri mwa atatu ndi a mphunzitsi. Mary Budd Rowe, nayenso wa ku America, adaonetsa m'chaka cha 1972 kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanaloze mwana wina kapena kudziyankha yekha. Aphunzitsi amene adaphunzitsidwa kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo adayamba kulandira mayankho aatali ndi oganiziridwa bwino, ndipo ana amene kale ankangokhala chete adayamba kukweza manja.

Ngati zili choncho m'makalasi a ana makumi atatu okhala ndi buku aliyense, nanga kwathu kuno? Pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere m'chaka cha 1994, chiŵerengero cha ana m'masukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni kapena kuposerapo m'chaka chimodzi. Kuyambira nthaŵi imeneyo si chachilendo kupeza ana oposa 100 mu Sitandade 1 kapena 2, ena pansi pa mtengo, buku limodzi akugaŵana angapo. Mwana wotere nzeru zambiri zimamuloŵa kudzera m'khutu. Mphunzitsi akalephera kulankhula momveka, mwanayo alibe kwina kokazipeza.

Phunziro limeneli ku yunivesite

Luso la kulankhula ndi limodzi mwa maphunziro akale kwambiri m'dziko lapansi. Aristotle wa ku Greece, amene adamwalira m'chaka cha 322 Yesu asanabadwe, adalemba buku lonse pa nkhaniyi. Iye adaphunzitsa kuti anthu amakhulupirira wolankhula chifukwa cha zinthu zitatu: khalidwe la wolankhulayo, mmene wakhudzira mitima ya omvera, ndi kulimba kwa mfundo zake. Aroma adagaŵa ntchito ya wolankhula m'masitepe asanu, ndiwo kupeza zoti anene, kuziika m'ndondomeko, kusankha mawu oyenera, kuzisunga m'mutu, ndi kuzipereka ndi liwu ndi thupi. Quintilian, mphunzitsi wa ku Rome, cha m'chaka cha 95 adalemba mabuku khumi ndi aŵiri ofotokoza kaleredwe ka wolankhula kuyambira ali mwana wamng'ono. Tayang'anani masitepe asanu aja, muona kuti atatu oyamba ndiwo amene mumachita polemba chikonzero cha phunziro. Aŵiri otsiriza ndiwo amene amasiyidwa.

M'mayunivesite a masiku ano phunziroli lidakula kwambiri ku America. M'chaka cha 1914, mu mzinda wa Chicago, aphunzitsi 17 adapatukana ndi bungwe la aphunzitsi a Chingerezi nayambitsa lawolawo, chifukwa adaona kuti kulankhula kukakhala pansi pa phunziro la kulemba kumangopatsidwa nyenyeswa za nthaŵi. Bungwe lawolo lidatchedwa Speech Communication Association m'chaka cha 1970, ndipo kuyambira 1997 dzina lake ndi National Communication Association.

Wofuna digiri imeneyi kumeneko amaphunzira zaka zinayi. Kaŵirikaŵiri amayenera kukwanitsa makirediti okwana 120, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi limakhala la kulankhula kwenikweniko. Otsalawo ndi a maphunziro ena monga mbiri yakale, sayansi, masamu ndi ziyankhulo, pakuti munthu wopanda chimene akudziŵa alibenso choti anene. Poyamba amaphunzira kulankhula pagulu: kufotokoza chinthu momveka, kuonetsa kachitidwe ka ntchito, ndi kukopa anthu kuti asinthe maganizo. Amaphunzira za ziŵalo zotulutsira mawu, kapumidwe ndi katchulidwe ka zilembo. Akapitirira amaloŵa m'phunziro la mtsutso, mmene amazoloŵera kusiyanitsa umboni ndi mphekesera, ndi kuyankha mfundo ya mnzake popanda kumunyoza. Palinso maphunziro a kukambirana kwa anthu aŵiri, kayendetsedwe ka zokambirana m'timagulu, kumvetsera, kuŵerenga ndakatulo ndi nthano mokweza, kulankhula kwa thupi kopanda mawu, ndi kumvana kwa anthu a miyambo yosiyana. Kumapeto amaphunzira kusanthula zolankhula za anthu otchuka ndi njira za kafukufuku, ndipo ambiri amatsiriza ndi kafukufuku wawowawo kapena ntchito yoyeserera.

Chofunika kuchizindikira ndi kayesedwe kake. Wophunzira sangapambane phunziro la kulankhula pagulu ndi cholembera chokha. Amapereka ndondomeko ya mfundo zake kwa mphunzitsi, amaimirira pamaso pa anzake, amalankhula mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziŵiri koloko ikuyenda, ndipo akakhala pansi amauzidwa pamene adakhoza ndi pamene adaphonya. Amachita zimenezi kangapo pa teremu imodzi. Palibe chinsinsi china choposa chimenechi: kuimirira, kulankhula, kudzudzulidwa, ndi kuimiriranso.

Nanga kuno ku Malaŵi?

Yunivesite ya Malaŵi idayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1965, ndipo Chancellor College idasamukira ku Zomba mu 1973. Lero maphunziro oyandikana ndi amene tafotokozaŵa alipo m'malo angapo. Ku Zomba kuli madigiri a zofalitsa mauthenga ndi chikhalidwe, a ziyankhulo za mu Africa, ndi a zisudzo. Ku Blantyre, pa sukulu imene inkatchedwa Polytechnic kufikira 2021 ndipo tsopano ndi MUBAS, kuli utolankhani ndi kalumikizidwe ka mauthenga pa zamalonda. Yunivesite ya Mzuzu, imene idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, nayo ili ndi digiri ya zofalitsa mauthenga. Maphunziro ameneŵa ndi a zaka zinayi, ndipo khomo lake ndi makirediti asanu ndi limodzi pa mayeso a MSCE, Chingerezi chili pomwepo. Ophunzira a chaka choyamba, kaya atenga digiri yanji, amapatsidwanso phunziro la luso la chiyankhulo lowakonzekeretsa kumvetsera, kulemba ndi kufotokoza ntchito yawo. Kwa mphunzitsi wofuna kukwera pa ntchito yake pali Domasi College of Education, imene idayamba mu 1993, ndi Nalikule College of Education, imene idatsegulidwa mu 2017.

Zonsezi ndi zabwino, ndipo amene muli ndi makirediti okwanira musaleke kulakalaka kukafika kumeneko. Komabe pali zinthu ziŵiri zimene tiyenera kuzinena poyera. Choyamba, madigiri a zofalitsa mauthenga maso ake ali pa wailesi, nyuzipepala, makampani ndi mabungwe. Mtolankhani amaŵerenga nkhani mphindi khumi, pamene mphunzitsi wa pulayimale amalankhula maola anayi kapena asanu tsiku lililonse kwa omvera amene sangathe kumutseka ngati wailesi. Wolankhula wamkulu m'dziko muno ndi mphunzitsi, koma ndiye amene maphunziro a kulankhula samufika mokwanira. Chachiŵiri, maphunziro ameneŵa amachitika m'Chingerezi, chikhalirecho moyo wa anthu a ku Chipoka kapena ku Lifuwu umayenda m'Chicheŵa ndi m'Chiyao. Chicheŵa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ndipo bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, pamodzi ndi Centre for Language Studies imene idaloŵa m'malo mwake mu 1996, adagwira ntchito yaikulu pa kalembedwe ndi matanthauzo a mawu. Ntchito yofanana nayo pa kalankhulidwe ka pagulu m'Chicheŵa ikudikirabe antchito.

Kuti zimenezi n'zotheka tidaziona kale. M'zaka za m'ma 1980 gulu la zisudzo la Travelling Theatre la ku Chancellor College, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, lidapita m'midzi, makamaka ya kufupi ndi Liwonde, kukachita maseŵero okhudza zaumoyo m'chiyankhulo cha anthu. Ochita seŵero ankaima pakati pa nkhani n'kufunsa anthu oonerera kuti achitenji, ndipo anthuwo ankatsutsana mpaka kugwirizana chochita pa nkhani ya zitsime ndi zimbudzi. Ophunzira a ku yunivesite aja adaphunzira kufunsa ndi kudikira yankho, chinthu chimene mphunzitsi aliyense afunika kuchidziŵa.

Bwalo ndi sukulu yakale ya kulankhula

Tisaganize kuti luso limeneli lidabwera ndi ngalaŵa. Makolo athu adali nalo, ndipo likadalipo kwa amene ali ndi makutu. Pitani pabwalo la milandu kwa nyakwaŵa mukaone. Wodandaula amapatsidwa mpata wofotokoza nkhani yake yonse popanda womudula pakamwa. Akatha, nduna imabwereza zimene wanena mwachidule, kuti iye avomereze kuti wamveka bwino. Woyankha naye amachita chimodzimodzi. Akuluakulu amafunsa mafunso mmodzimmodzi, ndipo mfumu, imene yakhala chete nthaŵi yonseyi, imalankhula potsiriza. Zimene mabuku a ku yunivesite amaphunzitsa pa mutu wa kumvetsera, monga kubwereza mawu a mnzako usanamuyankhe, nduna za m'midzi mwathu zimachita tsiku lililonse. Onaninso ankhoswe pokambirana za ukwati, mmene amasankhira mawu kuti choonadi chinenedwe koma chibale chisasweke. Onani wolankhula pamaliro, mmene amatchulira mafumu ndi mabanja m'ndondomeko yake osalumpha ndi mmodzi yemwe, wopanda pepala m'manja.

Chitsanzo chachikulu chili pafupi nafe. Chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Makanjira ya ku Salima, chadziŵika m'dziko muno ndi kunja komwe chifukwa cha kasamalidwe ka nsomba, makamaka utaka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 asodzi amachoka pachilumbapo nyengo ya mvula, cha mu Disembala, ndipo amabwererapo cha mu Epulo, kuti nsomba ziswane. Pali malamulo oletsa mowa, juga ndi chamba pachilumbapo. Malamulo ameneŵa adakhazikika kalekale boma lisanakhazikitse lamulo la zausodzi la 1997 limene lidavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga mbali posamala nsomba. Chimene chidawasunga zaka zonsezi ndi mawu olankhulidwa pamsonkhano wotseka ndi wotsegulira chilumba, pamaso pa asodzi mazanamazana ochokera m'maboma osiyanasiyana. Kuuza munthu wanjala kuti asiye nsomba zimene akuziona ndi maso kwa miyezi inayi, iye n'kumvera, ndi ntchito yofuna zonse zitatu zimene Aristotle adatchula: wolankhula wodalirika, mawu ofika pamtima, ndi mfundo imene msodzi angaiyese yekha akaponya chilimira m'mwezi wa Meyi.

Ana amene mukawaphunzitse akulira pakati pa zimenezi. Amadziŵa kuyankha "Tili tonse" wina akati "Padangokhala." Amaponyerana ndagi madzulo. Ambiri a m'mbali mwa nyanja amapita ku madrasa kumene amaloŵeza mawu aatali pamtima, ndipo ena amaloŵeza mavesi ndi katekisimu kutchalitchi. Pagombe amatsatsa usipa ndi kunenerera mtengo ndi anthu akuluakulu. Mwana yemweyo akaloŵa m'kalasi amasanduka wosalankhula. Tidzifunse kuti chimene chamutseka pakamwa n'chiyani.

Zimene ena anganene

Ena adzati kulankhula ndi mphatso yobadwa nayo, ndipo amene alibe, alibe basi. Zoona, anthu amasiyana, monga amasiyaniranso pa kuimba ndi pa masamu. Koma palibe amene amaleka kuphunzitsa masamu chifukwa ana ena ndi ochedwa kumva. Zambiri mwa zofooka zimene tatchula zija ndi zizoloŵezi chabe, ndipo chizoloŵezi chimasinthika. Munthu wamanyazi amene waphunzira kupuma mozama kuchokera m'mimba, kutsegula pakamwa, kuyang'ana mwana wa kumbuyo kwenikweni ndi kuima pang'ono akamaliza mfundo, amamveka bwino kuposa wolongolola amene amangodalira mphatso yake.

Ena adzati mwambo wathu umafuna kuti mwana akhale chete pamaso pa akulu, ndipo kumuphunzitsa kutsutsa ndi kumuphunzitsa mwano. Mfundo imeneyi si yoipeputsa, pakuti makolo ambiri ali nayo nkhaŵa imeneyi. Koma mwambo womwewo ndi umene umati safunsa adadya phula. Pabwalo munthu wamng'ono amaloledwa kulankhula, malinga awombe m'manja, apemphe mpata, ndi kusankha mawu. Chimene mwambo umadana nacho ndi kulankhula kopanda ulemu ndi kopanda mutu, ndipo chimenecho ndicho phunziro la kulankhula limachotsa. Mtsikana amene waphunzira kunena maganizo ake mwaulemu koma mosaopa ndi amene adzathe kuuza amalume ake kuti akufuna kupitiriza sukulu pamene iwo akukamba za ukwati.

Enanso adzati nthaŵi palibe, silabasi ndi yaitali, ndipo mayeso a Sitandade 8 safunsa kulankhula. Apa ndiye pagona nkhani. Mayeso a Chicheŵa ndi Chingerezi a Sitandade 8 ndi olemba okhaokha, ndipo chimene sichiyesedwa sichiphunzitsidwa, ngakhale silabasi itatchula kumva ndi kulankhula patsogolo pa kuŵerenga ndi kulemba. Koma mwana sangalembe chiganizo chimene sangathe kuchinena. Andrew Wilkinson wa ku England adachenjeza za zimenezi m'chaka cha 1965, pamene adapanga liwu latsopano lakuti oracy pofuna kuti luso la pakamwa lilemekezedwe mofanana ndi kuŵerenga ndi kuŵerengera. Mphindi zimene mwana wathera akufotokoza ndi pakamwa mmene wapezera yankho la samu sizidatayike. Ndizo zimene zimamuthandiza tsiku la mayeso.

Khutu la mphunzitsi

Mbali ina ya phunziroli imene ili yofunika kwambiri m'masukulu a kunyanja ndi ya kamvekedwe ka mawu. Chicheŵa ndi chiyankhulo chimene tanthauzo limasintha ndi kukweza kapena kutsitsa liwu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana, monganso khungu la pathupi ndi khungu la maso, koma khutu limasiyanitsa. Kampweya kakang'ono kamasiyanitsa kuponya ndi kuphonya, kukola ndi khola. Mwana amene kwawo amalankhula Chiyao alibe ena mwa mamvekedwe ameneŵa m'chiyankhulo chake, n'chifukwa chake amati "sikomo" pofuna kunena "zikomo." Mphunzitsi wosadziŵa amamuseka kapena kulola anzake kumuseka, ndipo mwanayo sadzakwezanso dzanja chaka chonse. Mphunzitsi wodziŵa amazindikira kuti mwanayo akusenza ziyankhulo ziŵiri ndipo akuyamba chachitatu, choncho amamuonetsa mofatsa mmene liwulo limatulukira.

Pa Chingerezi vuto ndi la tonsefe. Chicheŵa chili ndi mavawelo asanu, pamene Chingerezi cholankhula chili ndi oposa khumi. N'chifukwa chake mawu monga hat, hut, heart ndi hurt amatuluka ngati liwu limodzi pakamwa pathu, ndipo pray ndi play amasokonezeka popeza kwathu l ndi r sasiyanitsa tanthauzo. Lamulo la Maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira m'masukulu. Kaya munthu agwirizana nalo lamulolo kapena ayi, chotsatira chake n'chakuti mwana wa kumudzi, amene samva Chingerezi kwina kulikonse, adzatengera katchulidwe ka mphunzitsi wake ndi zolakwa zake zomwe. Sitikunena kuti mulankhule ngati munthu wa ku London. Tikunena kuti mumveke, ndipo mudziŵe mawu amene mumawasokoneza kuti muwayeserere musanaloŵe m'kalasi.

Kunja kwa kalasi

Ntchito ya pakamwa pa mphunzitsi sithera pakhomo la kalasi. M'midzi yambiri mphunzitsi ndiye amene amaitanidwa kuti afotokoze kalata yochokera ku boma, atsogolere mwambo, kapena alankhule pamsonkhano wa makolo. Kunyanja kuno anyamata ambiri amasiya sukulu nyengo ya usipa chifukwa ndalama ya pagombe imaoneka lero, pamene phindu la sukulu lili kutali. Kukopa bambo amene ali ndi bwato kuti alole mwana wake akhale m'kalasi kumafuna luso lonse la wolankhula. Mukamunyoza pamaso pa anzake mwamutaya. Mukamuŵerengera malamulo okhaokha adzavomera ndi pakamwa, m'maŵa mwake mwana ali panyanja.

Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo udavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, udatikumbutsa kuti mawu omveka bwino amapulumutsa moyo. Uthenga wa kuthira mankhwala m'madzi akumwa, kusamba m'manja ndi kuthamangira kuchipatala udali wosavuta, koma m'malo ena udalimbana ndi mphekesera. Mwana amene mphunzitsi wake adamufotokozera bwino, namupatsa mpata wofunsa ndi wobwereza m'mawu akeake, adapita nawo uthengawo kunyumba kumene wazaumoyo sadafikeko.

Zoyenera kuchita

Kwa akuluakulu oyendetsa maphunziro a aphunzitsi pempho lathu ndi lakuti kulankhula kukhale ndi nthaŵi yakeyake pa ndandanda ya maphunziro, ndi mayeso akeake oŵerengedwa pa satifiketi. Wophunzira aliyense aimirire pamaso pa anzake kosachepera kaŵiri pa teremu, kamodzi m'Chicheŵa ndi kamodzi m'Chingerezi, afotokoze chinthu kwa mphindi zitatu kapena zisanu wopanda choŵerenga, ndipo ayankhe mafunso. Mayunivesite athu nawo aganizire zoyambitsa phunziro la kalankhulidwe ka pagulu m'ziyankhulo zathu, lozikidwa pa kafukufuku wa zimene zimachitika pabwalo, paukwati ndi pamaliro, akuluakulu odziŵa zimenezi asanathe.

Koma inu musadikire kuti silabasi isinthe. Zimene wophunzira wa ku yunivesite amachita mukhoza kuzichita ndi zimene muli nazo. Foni imene ili m'thumba mwanu ijambule mawu anu pamene mukuphunzitsa, ndipo madzulo mudzimvere nokha. Mudzadabwa kuti mwanena "eti" kangati, ndi kuti mwadziyankha nokha mafunso angati. Pemphani mnzanu akhale kumbuyo kwa kalasi ndi pepala, azilemba kachizindikiro nthaŵi iliyonse mwana akalankhula chiganizo chathunthu, asiyanitse anyamata ndi atsikana, a kutsogolo ndi a kumbuyo. Mukafunsa funso ŵerengani mumtima mpaka katatu musanaloze munthu. M'malo mofunsa kuti "Mwamva?" uzani ana akhale aŵiriaŵiri, wina afotokozere mnzake zimene mwanena, inu muziyendayenda ndi kumvetsera. M'kalasi ya ana 100 njira imeneyi imapatsa ana 50 mpata wolankhula pa mphindi imodzi.

Samalaninso liwu lanu. Mukaphunzitsira panja nyengo ya mwera, imani kumene mphepo ikuchokera kuti itengere mawu anu kwa ana. Musapikisane ndi phokoso pokuwa. Gwirizanani ndi ana chizindikiro chokhalitsa chete, monga kuwomba m'manja katatu kapena kanyimbo kakafupi, ndipo musayambe kulankhula kufikira atakhala bata. Imwani madzi pafupipafupi, ndipo mawu akaphwa kwa milungu yoposa iŵiri pitani kuchipatala.

Potsiriza, mukatumizidwa kusukulu ya kumudzi, pemphani chilolezo kwa mfumu kuti tsiku lina mukakhale nawo pabwalo kapena pamsonkhano wa komiti ya pagombe. Khalani kumbuyo, mumvetsere. Onani amene anthu amamutchera khutu, ndipo dzifunseni chifukwa chake: wayamba bwanji, mwambi wauika pati, waima liti, wamaliza motani. Zimene mukaone kumeneko mukaziyerekeze ndi masitepe asanu a Aroma aja, ndipo mudzabwere nazo kukoleji kuti tidzakambirane. Amene mudzapite ku yunivesite m'tsogolo muno mudzapeza kuti mwayamba kale phunziroli. Amene mudzakhale m'kalasi moyo wanu wonse, ana zikwi zingapo adzadutsa pamaso panu, ndipo ambiri a iwo kalankhulidwe kawo pamaso pa anthu adzakatengera kwa inu. M'mera m'poyamba.